Mpunga Wogona wa pa Ziyala

Sauda sanaone tulo usiku umenewo. Amayi onse amene anagona nawo m'kalasi ya sukulu ya pa Namisangu anali atapuma kalekale, mwana wake Fazila atayamwa n'kugona, koma iye maso anali pa sefuliya imene inali pakona, yovundikiridwa, mwala uli pamwamba. M'sefuliyamo munali mpunga wa nyama ya mbuzi wopitirira theka, umene unaphikidwa m'mawa koma sunagulidwe. Kukacha anayenera kusankha, kuutaya kapena kuupereka kwa anthu. Zonse ziwiri ankaziopa.

Chaka chimenecho Ziyala, chikondwerero chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, inagwa m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Anthu anabwera pamalole, panjinga, ena wapansi, mbendera zobiriwira zili m'manja, nyimbo zili pakamwa. M'mbali mwa bwalo la mpira munamera zisakasa za mitengo ndi masaka: wa tiyi apa, wa zitumbuwa apo, wa chipisi uko. Chisakasa cha mpunga chinali cha Abiti Ndaila, amayi ake aakulu a Sauda, mkulu wawo wa malemu mayi ake. Ndiwo anamulera, ndiwonso anamutenga ulendo umenewu, ati aphunzire ntchito ya manja, asamangoyang'ana kumsewu kudikira mwamuna wake amene anali ku Joni. Kwa Sauda kanali koyamba kuphikira khamu.

Popeza kunamveka za kolera m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje, a zaumoyo anasonkhanitsa ogulitsa zakudya onse mwambo usanayambe. Amene ankayankhula anali mlangizi wina wamkazi, wamfupi, wa yunifolomu ya buluu ndi mawu osasa. Anati chisakasa chilichonse chikhale ndi ndowa ya mpopi ndi sopo, anthu asasambirane m'beseni limodzi. Madzi akumwa ndi otsukira mbale athiridwe kolorini. Chakudya chikhale chovundikira, chiperekedwe chotentha, ndipo chophikidwa lero chithe lero. Wopezeka akugulitsa chogona, chisakasa chake chigwetsedwa.

Sauda anamvera zonse. Anabwereka ndowa ya mpopi, n'kuiika pampando kutsogolo kwa chisakasa. Sopo anamubowola n'kumumangirira kuchingwe kuti asatsagane ndi ogula. Mbale anazifunditsa nsalu yoyera. Abiti Ndaila ankangomuyang'ana, manja ali m'chiuno.

"Kodi tabwera kudzaphika kapena kudzatsegula chipatala? Ine ndinayamba kuphika pa Ziyala iwe usanabadwe, kamtsikana ka kolorini kaja kakuyamwabe chala. Anafa ndani?"

"Palibe, amayi."

"Ndiye bwanji ukunjenjemera?"

"Sindikunjenjemera, amayi. Ndikungomanga sopo."

Koma tsikulo silinayende monga ankayembekezera. Wamalonda wina wa m'tauni anapha ng'ombe, n'kuimika miphika kumbali ina ya bwalo, n'kulengezetsa pachimkuzamawu kuti aliyense akadye ulere. Khamu lonse linathamangira komweko. Pachisakasa cha Abiti Ndaila panangobwera ochepa, aja oopa kukankhana.

"Abwera madzulo," ankatero Abiti Ndaila. "Ng'ombe imodzi singakhutitse mtundu wonsewu."

Moto anauzimitsa kuti nkhuni zisapite pachabe. Mpunga unakhala m'sefuliya tsiku lonse, pansi pa masaka otentha ndi dzuwa, wosazizira komanso wosatentha. Madzulo anafika, ogula osafika.

Dzuwa litalowa mlangizi uja anadutsa. Anasamba m'manja pandowa ya Sauda, nayamikira nzeru ya chingwe, kenaka anatsegula sefuliya n'kuikhudza m'mbali ndi kuseri kwa dzanja.

"Munaphika nthawi yanji, mayi?"

"M'mawa," anayankha Sauda.

"Uwu wapita. Mpunga ukakhalitsa uli wofunda chonchi umaswa tizilombo timene mphuno siimva, ndipo ngakhale muutenthetse bwanji, poizoni wake satha. Pepani, ndikudziwa kuti zikupweteka. Kuseri kwa sukulu takumba dzenje. Mukauthire mmenemo, mukwirire. Mawa ndisaupeze pano."

Abiti Ndaila anadikira mpaka yunifolomu ya buluu ija itasowa pakati pa anthu.

"Wamva zimene wanena? Akuti asaupeze pano. Chabwino, saupeza. Sitigulitsa. Lamulo lawolo ndi la ogulitsa, la sadaka alibe. Mawa ndiutenthetsa bwinobwino, ndikazingiramo anyezi, tikawapatsa agogo aja. Kukanakhala kumudzi ndikanati tipatse nkhuku, koma kuno nkhuku tilibe, ndipo anthu anjala alipo."

Agogo amene ankanenawo anali amayi okalamba ochokera kumidzi ya kuphiri, amene anabwera wapansi. Pa ng'ombe ya ulere ija sanafikepo, chifukwa sakanatha kulimbana ndi zigongono za anyamata. Sauda anawaona kuyambira masana atakhala pakhonde la kalasi, akutafuna makaka, chinangwa chouma chija, n'kumatsitsira madzi.

Apa ndi pamene mtima wake unagawanika. Anakula akudziwa kuti kutaya chakudya ndi tchimo. Chaka cha njala, iye ali wamng'ono, Abiti Ndaila ankamutoletsa njere iliyonse yogwera pamphasa, n'kumamuuza kuti njere yotayidwa idzamudandaula tsiku la chiweruzo. Tsono ngati njere imodzi imadandaula, nanga sefuliya? Ndipo njala ya agogowo inali yeniyeni, yooneka ndi maso, pamene tizilombo ta mlangizi palibe anationa. Koma akati atseke maso ankawaonanso agogo omwewo ali panjira yobwerera kuphiri, kutali ndi chipatala, m'mimba mutatseguka.

Ataswali swala, pemphero la m'bandakucha, Sauda anagwada pafupi ndi amayi ake aakulu.

"Amayi, ndikupempha chinthu chimodzi. Tisanawapatse, tiyeni tikafunse kwa Shehe Silaju."

"Ukafunse ngati sadaka ndi yololedwa?" Abiti Ndaila anaseka. "Tiye. Ukamve ndi makutu ako. Mwina Shehe ungawamvere, popeza ine nzeru zinandithera tsiku limene kunabwera yunifolomu. Koma sindipita chimanjamanja. Aone okha chimene ukufuna kutayacho."

Anakoleza mbaula, n'kutapa mpunga pang'ono, n'kuutenthetsa ndi anyezi mpaka fungo linadzaza khonde lonse. Anauika m'bakuli, n'kuvundikira, n'kulikulunga ndi mpango.

Shehe Silaju anali mphunzitsi wokalamba. Ambiri mwa ana amene anawaphunzitsa kumadrasa anali atakhala mashehe iwo eni, ena a galimoto zawo. Anthu ankati anaphunzira kugombe la nyanja yamchere ali mnyamata, koma eni akewo sankazitchula. Alendo olemekezeka anali atawayalira makapeti m'chipinda cha aphunzitsi, koma Shehe kumeneko kunalibe. Amayi awiriwo anawapeza kuseri kwa mzikiti, atakhala panjerwa, mkanjo ataupindira m'maondo, akudzaza madzi m'tiketulo totawazira, tosambira asanapemphere, timene anthu anasiya topanda kanthu.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, amayi anga. Mwadzuka bwanji? Nanga wamng'onoyo simenti yamusunga bwanji?"

"Wagona bwino, Shehe, Alihamudulila," anayankha Sauda.

Shehe anawalozera thumba lopanda kanthu kuti ayale. Anakhala chapatali pang'ono, monga mwa ulemu, bakuli lili pakati. Asanayambe nkhani, bambo wina wa mkanjo wonyezimira anasuzumira pakona n'kunena kuti alendo akudikira Shehe pa tiyi.

"Auzeni ayambe," anatero Shehe. "Ine ndili ndi alendo anga kuno."

Bamboyo atapita, Abiti Ndaila anakonza kukhosi.

"Shehe, pepani takulawirirani. Nkhani ndi yaing'ono, koma mwana wangayu waikulitsa. Dzulo mpunga wathu unatsala. A zaumoyo akuti tisaugulitse, ndipo ife sitikukana, boma ndi boma. Ine ndati tiupereke sadaka kwa agogo a kuphiri, amene agona ndi makaka m'mimba. Koma uyu mtima wake uli kudzenje. Akufuna tikathire mpunga, nyama ndi mafuta omwe, pa masiku odala ngati ano. Ndiye ndati Shehe atiweruze. Chabwino n'chiti, kudyetsa munthu wanjala kapena kudyetsa nyerere?"

Shehe anamaliza kudzaza ketulo imene inali m'manja, n'kuiika pamzere ndi zinzake.

"Mumadziwa kufunsa, Abiti Ndaila. Funso lanu labwera litabereka kale yankho kumsana." Anatembenukira kwa Sauda. "Nanga inu, amake mwana, mukuti bwanji?"

"Ine sindikudziwa, Shehe, n'chifukwa chake ndabwera. Mlangizi anati mpunga wokhalitsa umadwalitsa ngakhale ukununkhira, ndipo moto suthandiza. Amayi akuti kutaya ndi tchimo, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona. Ndikati ndiutaye ndikuopa Allah. Ndikati ndiupereke ndikuopanso Allah. Usiku wonse ndasowa kolowera."

"Mantha amenewo si oipa," anatero Shehe. "Koma ndiyambe ndi kuulula umbuli wanga. Za tizilombo ta mumpunga ine sindinaphunzire. Mukandifunsa za swala, za maliro, za kagawidwe ka chuma cha masiye, ndiyesa. Koma izi amene anaphunzira ndi mayi uja, ndipo wakuyankhani kale. Inenso ndikadwala ndimapita kwa iwo omwewo, n'kukhala pabenchi, n'kudikira dzina langa ngati wina aliyense."

"Kamtsikana kaja kanaphunzira pabenchi ya sukulu, Shehe. Ine ndinaphunzira pamoto." Abiti Ndaila anaonetsa zipsera za m'mikono. "Ndipo pali china chimene iko sikadziwa. Mbuzi iyi inazingidwa ndi dzina la Allah. Mpunga ndinauthira mumphika ndi Bisimilahi. Wodyayo adzayambanso ndi Bisimilahi. Chakudya chimene chatchulidwa dzina la Allah kuyambira pampeni mpaka pakamwa chingamupweteke munthu?"

"Ndikamakwera minibasi ndimanena Bisimilahi," anatero Shehe. "Koma ndimayang'ananso matayala. Ndikaona mawaya ali panja, ndimatsika ndi Bisimilahi yemweyo, n'kudikira ina."

Sauda anabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango. Abiti Ndaila anamuponyera diso, kenaka anamasula bakuli lija.

"Chabwino, tisiye zokamba. Nawu mpungawo. Nunkhizani nokha, Shehe. Mphuno yanu ikapezapo cholakwa, ndikautaya ndi manja anga, ndipo mwanayu ndimupepesa pamaso panu."

Anatsegula. Nthunzi inakwera, fungo la anyezi, adyo ndi mafuta a mbuzi linafalikira kuseri konse kwa mzikiti. Mpunga unali mbuu, njere iliyonse payokha, nthuli zikunyezimira. Ngakhale Sauda malovu anadzaza m'kamwa. Shehe anawerama n'kununkhiza mosafulumira.

"Masha Allah. Dzanja lanu ndimangolimva mbiri, lero ndalionera pafupi. Mphuno yanga sikupezapo cholakwa chilichonse."

Abiti Ndaila anayang'ana Sauda, chibwano chili m'mwamba.

"Ndipo mwafika pabwino," anapitiriza Shehe, "chifukwa chidzukire sindinalawe kanthu, ndipo tiyi uja mwaona nokha kuti wandipita."

Anatenga ketulo imodzi, n'kudzithira madzi m'manja, n'kusamba bwinobwino. Anapinda mkono wa mkanjo, n'kukokera bakuli pafupi. Sauda anafuna kuwaletsa, koma mwana ngati iye angawaletse bwanji Shehe kudya?

"Bisimilahi," anatero Shehe, dzanja likutsikira m'bakuli.

"Ayi, Shehe."

Zala za Shehe zinagwira mphepo. Bakuli linali litachoka kale, lili pamiyendo pa Abiti Ndaila. Mmene analikokera, ngakhale eni akewo ankaoneka kuti sakudziwa.

"Pepani, Shehe. Uwu ndinangobweretsa kuti muuone. Inu tikuphikirani wina, wa lero. Sipatenga nthawi."

"Ndikuvutitsireninji, pamene uwu uli pano, wotentha, wonunkhira?"

"Si ulemu, Shehe, kukupatsani chogona."

"Kunyumba kwanga mkute ndimadya, ndipo ndimaukonda. Amake ana angakuuzeni."

"Komabe, inu ndinu aakulu. Masana mukatsogolera duwa, pemphero lija, pamaso pa khamu lonseli. Mimba ya munthu wamkulu sidziwika. Itati ivute muli pansanja paja, anthu adzati chiyani? Adzafunsa kuti Shehe anadya kuti, ndiye adzati kwa Abiti Nda..."

Anaima pomwepo. Mawu awo omwe anali atawafika m'makutu.

Shehe sanaseke. Anapukuta dzanja pabondo, ndipo poyankhula anatsitsa mawu, kuti odutsa asamve.

"Zikomo, mayi. Mwanditchinjiriza ngati mlongo wanu, ndipo Allah akulipireni pa zimenezi. Pakamwa panu pakhala pakunena kuti mpungawu ndi wabwino. Koma dzanja lanu, limene laphika zaka zonsezi, lanena zina. Ine ndikhulupirira dzanjalo, chifukwa silinapeze mpata woganiza."

Abiti Ndaila anayang'ana dzanja lawolo ngati la munthu wina.

"Tsono tiyeni tione," anapitiriza Shehe. "Ine ndikadwala, pano pali galimoto zonditengera kuchipatala, ndi anthu olimbirana kuti andinyamule ndani. Agogo aja ena ndi aakulu kuposa ine. Akadwala adzadwalira panjira ya kuphiri, ndipo palibe adzafunse kuti anadya kwa yani. Kodi n'chifukwa chake kwa iwo kukuoneka kosavuta?"

"Sindinaganize choncho, Shehe. Allah ndi mboni. Ndinawamvera chisoni basi."

"Ndikukhulupirira. Chisoni chanu ndi choona, njala yawonso ndi yoona. Koma sadaka si khomo lakuseri lotulutsira chimene chakanidwa kukhomo lakumaso. Lamulo la mayi uja silinaikidwe kuti liteteze ogula okha, ngati kuti wodya ulere ali ndi mimba yachitsulo. Ndipo kumbukirani kuti pa sadaka wosauka ndi amene amatambasula dzanja, koma wolandira ndi Mwini wake. Bakuli ili lachita manyazi pamaso pa ine, nkhalamba yodzaza maketulo. Lidzalimba bwanji mtima pamaso pa Iye?"

Abiti Ndaila anavundikira bakuli pang'onopang'ono.

Fazila anadzuka kumsana n'kuyamba kung'ung'udza. Sauda anamugwedeza, n'kusendera kutsogolo pang'ono.

"Shehe, ndifunseko inenso. Zoti tisawapatse ndamva. Koma nanga tchimo la kutaya? Amayiwa anandilera ndikutola njere pamphasa. Lero ndikathire sefuliya yonse m'dothi, ndi manja angawa, anthu anjala akuona. Ndidzayankha chiyani?"

"Anakulerani bwino, ndipo musadzasiye kutola njerezo," anatero Shehe. "Koma ndikufunseni. Dzulo masana, mpunga ukadali wotentha, agogo aja anali kuti?"

"Anali pakhonde la kalasi."

"Munawaona?"

"Ndinawaona."

"Njala anali nayo kale?"

"Anali nayo, Shehe."

"Nanga chinakuletsani n'chiyani?"

Sauda anazolika. Misozi imene anailimbira usiku wonse inagwera pachitenje.

"Tinkadikira ogula."

"Eya. Ndipo kudikira ogula si mlandu. Munabwera kudzagulitsa, muli ndi mwana woti adye. Ndikanakhala ine pachisakasapo, mwina ndikanadikiranso. Musalire, mwana wanga. Koma dziwani ichi: sadaka ya chakudya chophika ili ndi nthawi yake, monga swala. Nthawi yake inali dzulo, nthunzi ikutuluka. Ngati panali kutaya, kunachitika pamenepo, padzuwa, tonse tikuyang'ana kwina. Ndikuti tonse, chifukwa inenso pakhonde limenelo ndinadutsa, ndikupita kukadya ng'ombe. Pa zimenezo tipemphe chikhululuko, ndipo Iye ndi wokhululuka. Chimene chili m'sefuliya lero sichakudyanso. Chatsala ndi kuchikwirira basi. Ndiye sankhani pokwirira, m'dothi kapena m'mimba mwa mlendo. Dothi silidwala."

Atatero anatenga ketulo ina yopanda kanthu, n'kuitchera pampopi.

Pobwerera Abiti Ndaila anatsogola, osatembenuka. Atafika pachisakasa anaika bakuli pansi, n'kutenga nkhwangwa, n'kuyamba kuwaza nkhuni mwamphamvu kuposa mmene nkhunizo zinkafunira. Sauda sanafunse chilolezo. Anamangitsa Fazila kumsana, n'kukhuthulira za m'bakuli m'sefuliya muja, n'kuisenza pamutu.

Dzenje linali kuseri kwa sukulu, khasu lili pambali. Anatula, n'kupendeketsa sefuliya. Mpunga unagwa ngati chigumula chimodzi, nthuli zikugubuduka pamwamba. Atangogwira khasu anamva mawu kumbuyo.

"Mwana iwe, ukutaya nyama?"

Anali mmodzi wa agogo a kuphiri, atatsamira ndodo, maso ali m'dzenje.

"Wagona, agogo. Waonongeka."

"Ife chogona timadya. Tandipatsako kapamwambapo, sikanakhudze dothi."

Sauda anagwada. "Pepani, agogo. Uwu ayi."

Anadzuka n'kukankhira dothi mwachangu, khasu pambuyo pa khasu, kenaka anapondaponda ndi mapazi kuti ana kapena agalu asafukule. Agogo aja anatsonya, n'kunena kuti ana a masiku ano njala sakuidziwa, ndipo Allah akuona. Anabwerera kukhonde akuyankhulabe. Sauda anawamva mawu onse.

Sefuliya anaikwecha ndi phulusa, n'kuitsuka ndi sopo, n'kuitsukuluza ndi madzi a kolorini. Pofika pachisakasa anapeza moto ukuyaka kale, anyezi atadulidwa. Anatenga thumba la mpunga kuti ayeze monga dzulo.

"Thira wochepa," anatero Abiti Ndaila, maso ali pamoto. "Ukatha tiphika wina, nkhuni si mwana kuti tizizilera. Ndipo ukamaliza pita ukawauze agogo ako aja abwere ndi mbale zawo, asambe pampopi wakowo. Ndikangophula ayamba ndi iwo. Uwauze asachedwe. Akaupeza utazizira, kwa Shehe ine sindibwererakonso."

Sauda anatsuka mpunga, n'kuuthira mumphika. Anasamba m'manja, n'kukwezera Fazila kumsana, n'kulunjika kukhonde la kalasi. Anayamba ndi agogo amene anamutsonya aja.